Pomalizira Kuzizira

Tilimbe anafika Lolemba, fumbi la ku Chinika lili m'nsidze,
kompyuta m'chikwama,
ine ndili chogwada, kutsendera mchenga m'chikombole.
Zaka makumi atatu ndi ziwiri ndagwada chonchi.
Mawondo anga amaudziwa mchenga wonyowa bwino
dzanja lisanaufinye.

Anati, bambo Chikuse, ndionetseni magudumu anakanidwa aja.
Analipo asanu ndi awiri kuseri kwa shedi,
magudumu a chigayo, a aluminiyamu, osalala ngati tsaya la khanda,
koma makina opala atangoluma pang'ono
anapeza mphako,
kaphanga ka makwinya kolowa chala chakaniye
pamene pankayenera kukhala mnofu.
Mwini chigayo anachokera nawo ku Mumbwa pa lole
natisiyira mawu osabwereza kutchalitchi.

Ine ndinkati ndi mchenga. Folomani ankati ndi ine.
Mnyamata wa pang'anjo ankati ndi mapisitoni a minibasi
amene timagula pa sikelo kwa anyamata a wilibala.

Mtsikanayo sanaloze munthu.
Anajambula gudumu lathu m'galasi lake,
nathira chitsulo chosawotcha, chopanda utsi,
chosafuna nsapato zachikopa.
Ndinaseka. Kenako ndinakoka chitini n'kukhala.

Gudumu lonse linali psuu.
M'mphepete munayamba kuchita buluu,
kufiira kukuthawira m'kati, kuthawira m'kati,
monga madzi a mvula ku Kanyama mu Epulo
amasiya misewu umodzi umodzi
n'kutsalira pakhomo pa munthu mmodzi yekha.
Kadontho kanatsala pamchombo.
Apa, anatero.

Magetsi anazima, mwa nthawi zonse.
Galasi lokha linatiunikira nkhope.

Anati chitsulochi chikamazizira chimakhwinyata,
chimamva ludzu.
Pamene pakuuma pamamwa kwa mnzake amene akali madzi,
nayenso amamwa kwa wotsatira,
mpaka womaliza,
amene atembenuka n'kupeza makomo onse atsekeka.
Mphako ija si mpweya, si mchenga, si inu.
Ndi ngongole ya gudumu lonse
yogwera pa malo amodzi.

Ndinatenga sowo. Ndinacheka gudumu lomwe tinali tisanalipale,
mphindi makumi anayi, thukuta kamukamu,
kufuna kuti galasi liname.
Silinaname.

Ndiye titani, mwana wa sukulu?
Anati timange nkhokwe pamwamba pa mchombo,
chitsa chonenepa, chochedwa kuzizira kuposa onse,
chizidyetsa gudumu mpaka litalimba.
Mphako ikalowe m'menemo.
Tikatha, tichidule.

Nkhokwe ndimaziika kuyambira iye asanabadwe,
koma zoonda, poopa folomani ndi sikelo yake.
Zinkauma msanga, zinkafa ana asanakhute.
Sindinamuuze zimenezo.

Sindinamuuzenso za achemwali anga a Velesi
amene ankagulitsa makala ku Matero,
ife asanu ndi mmodzi tikumwa kwa iwo,
wina fizi, wina nsapato, ine ndalama ya basi yodzafunira ntchito ino.
Tonse tinalimba. Tinakwatira, tinamanga.
Iwo anali ofundabe, akusekabe pa maukwati athu,
ndipo palibe galasi linatilozera
kuti apa.

Lachinayi tinathira.
Chitsulo chinatsika chete, choyera ngati mwezi wosungunuka,
nkhokwe inadzaza, inapuma, pamutu pake panayamba kulowa.
Tilimbe anaima patali kwambiri, ndinamuseka,
kompyuta yake siinamuphunzitse kutentha kwa m'miyendo.

M'mawa mwake makina anapala gudumu mpaka pamtima.
Mnofu wokhawokha.
Folomani anaimbira ku Mumbwa akuyenda uku ndi uku.

Chitsa chodulidwa chija ndinachitola pansi.
Chinali ndi dzenje lakuya, lokhakhala, lonyezimira m'kati.
Lamulo ndi lakuti chibwerere mung'anjo,
makilo awiri ndi theka, amalemba m'buku.

Chili pawindo kwathu ku Chawama.
Mdzukulu wanga amasungamo mabatani.